RNS ya NeuroPace: yothandiza pamene mpeni sungafike

Odwala khunyu ena kugwa kwawo kumayambira mu hippocampus, kachigawo ka mkatikati mwa ubongo kamene kamasunga zinthu zatsopano zoti munthu azikumbukira. Vuto likakhala mbali imodzi, madokotala amatha kudula mbaliyo. Likakhala mbali zonse ziwiri, mpeni sayerekeza. Phunziro linachokera kwa Henry Molaison, yemwe mu 1953 anamuchotsa mbali zonsezo ku Hartford. Kugwa kunachepa, koma mpaka imfa yake mu 2008 sankasunganso m'mutu zimene zangomuchitikira.

Apa m'pamene RNS, kachipangizo kochepetsa kugwa kopangidwa ndi kampani ya NeuroPace, imaonetsa ntchito yake. Bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linaivomereza mu 2013 kwa a zaka 18 kupita m'tsogolo, amene mankhwala awiri kapena kuposa awakanika, ndipo magwero a kugwako saposa awiri. Kachipangizoka amakakhazika m'fupa la chigaza, n'kulumikiza mawaya awiri, lililonse la timfundo tinayi. Kamamvetsera ubongo usana ndi usiku, ndipo kakamva magetsi achilendo kamatumiza kamphamvu kochepa kuti kawadukize.

Pa kafukufuku wa anthu 191, kugwa kunachepa ndi 37.9 peresenti kwa amene kanayatsidwa, ndi 17.3 kwa amene kanali kozimitsa. Sizambiri. Koma phindu limakula pang'onopang'ono, ndipo pofika chaka cha 9 theka la odwala kugwa kwawo kunali kutachepa ndi 75 peresenti kapena kuposa. Mayeso a kukumbukira sanaonetse kutsika, chomwe ndi chifukwa chachikulu choisankhira.

Chimene timachiyamikira kwambiri ndi zojambula zake za magetsi a mu ubongo. Zimaulula mbali imene ikuvutadi, ndipo nthawi zina zimapezeka kuti ndi imodzi yokha, wodwala n'kuyenerera opaleshoni yodula.

Zovuta zilipo. Kamasunga zojambula zochepa, moti wodwala akapanda kugunditsa pamutu kachida kowerengera zojambulazo tsiku ndi tsiku, zatsopano zimafufuta zakale. Woiwalaiwala amafunika womukumbutsa, komanso womupititsira maginito pamutu akagwa kuti kachipangizoka kasunge zojambula za kugwako. Batire ikatha ndi opaleshoni ina, ndipo kutsegula khungu kulikonse kumaitana majeremusi pabala. Kuchuna kachipangizoka kumadya miyezi, mankhwala akumwabe.

Kwa wa mbali zonse ziwiri, ndi yoyenera kuiganizira. Wa gwero limodzi lodulika bwino ayambe wafunsa za kudula, chifukwa RNS kawirikawiri imangochepetsa kugwa osati kukuthetsa.