Dithane M-45 wandipulumutsira matimati, koma osadikira chiwawu chilowe

Ine ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, mapando a matimati a Tengeru ngati 40 basi, ndi repu pang'ono wandiwo. Chaka chatha mu February mvula inavumba masiku angapo osakata, kunja kuli chinyezi chokhachokha, ndiye m'mawa wina ndikupita kukaona ndapeza masamba am'munsi ali ndi madontho abulauni ngati wina wawathira madzi otentha, kuwatembenuza kunsi kuli tinkhungu toyera. Pasanathe sabata mitengo yada, matimati aawisi akuola ali pamtengo pomwepo. Chiwawu chimenecho, ndipo chikalowa sichicheza.

Ndinathamangira kwa agro dila wina pa tauni pathu pano, mnyamata wa pakauntala osafunsa n'komwe kuti masamba akuoneka bwanji wangonditolera botolo la cypermethrin, "madala awa ndi amene aliyense akugula." Ndinapopera kawiri, palibe chinasintha, pajatu amenewo ndi a tizilombo ngati nsabwe ndi mbozi, pomwe chiwawu ndi fangasi, ndiye kuti matenda a nkhungu. Ndalama yanga inapita ulele, matimati anapitanso.

Chaka chino ndinagula Dithane M-45 mvula isanalimbe. Ndi ufa wachikasu, mkati mwake muli mancozeb, umasungunula m'madzi malinga ndi muyezo uli pa paketi, osati zongoyerekeza ndi maso zija. Ndimapopera sabata iliyonse, m'mawa mame akauma, ndipo ndimazondotsa nozo ya sipuleya kuti mankhwala afike kunsi kwa masamba. Zoona zake matimati anga mpaka pano ndi obiriwira, ndathyola kale mabeseni awiri, a neba omwe ankati ndikungotaya nthawi ayamba kubwereka sipuleya.

Koma ndinene chilungamo, Dithane sachiza, amangoteteza. Amakhala pamwamba pa tsamba ngati chofunda, salowa mkati, ndiye tsamba lomwe lagwidwa kale basi lapita, lithotholeni mukalikwirire kutali osati kuliponya pa kompositi. Chinanso chotopetsa, mvula yamphamvu ikabwera mutangopopera kumene imatsuka, ubwerezenso, ndiye mu January ndi February paketi sichedwa kutha. Chiwawu chikangoyamba kuoneka anthu amasinthira ku Ridomil Gold poti uyo amalowa mkati mwa mbewu, koma mtengo wake ndiye eee.

Ndipo musamunamizire Dithane pa matenda osakhala ake. Phando limodzi linangofota lonse masamba ali obiriwira, ndinadula tsinde ndikuliviika m'tambula ya madzi, patapita mphindi zochepa kunayamba kutsika zoyera ngati mkaka. Amenewo ndi mabakiteriya a m'dothi, olo mupopere thumba lonse sizitheka, kuzula basi, ndipo pamalopo musabzalepo matimati, mbatatesi kapena mabilinganya msanga.

Fungo lake silabwino, ufa ukakugwera pakhungu umayabwa, ine ndimavala malaya a manja aatali ndi kansalu kumphuno, ana ndi nkhuku ndimayamba ndathamangitsa. Masiku odikira musanathyole alembedwa pa paketi, ndipo matimatiwo muzitsuka bwino poti amatsala ndi timadontho tachikasu. Pogula onani deti, ndipo zija amapima m'timapepala ta pulasitiki topanda lebulo pamsika ine ndinasiya, sudziwa ngati wagula Dithane kapena ufa wa mgaiwa.