Zomatira mano zoyera: mmene zakhalira patatha chaka

Patha chaka ndi miyezi ingapo chindimatireni mano awiri pachipatala china kuno ku Kasungu, lina lakutsogolo lomwe linabenthuka ndi lina lakumbuyo lotafunira lomwe linabooka. Onse anamatidwa ndi kompoziti, zomatira zoyera zofanana ndi dzino, zomwe ndi utomoni wa pulasitiki wosakaniza ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta galasi, ndipo dokotala amaziumitsa ndi kuwala kwa buluu. Utomoni wake wodziwika kwambiri, Bis-GMA, anaupanga ndi Rafael Bowen ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Pa kulimba ndilibe dandaulo. Ndimadya chimanga chokazinga ndi mtedza monga kale, ndipo palibe chomwe chathothoka.

Chomwe chasintha ndi pamwamba pake. Masabata oyambirira lilime linkangotsetsereka osazindikira pomwe dzino lathera ndi pomwe zomatira zayambira, koma miyezi itapitapo ndinayamba kumva kukhakhala pa dzino lakutsogolo, ndipo pagalasi panaoneka kamzere kofiirira kozungulira m'mphepete mwake. Dokotala wa mano anandifotokozera kuti kompoziti imafota pang'ono ikamauma, motero m'mphepetemo ndi momwe mtundu wa tiyi, khofi kapena fodya umayambira kukanirira. Ine tiyi sandiphonya m'mawa uliwonse, choncho sindinadabwe.

Chimene ndikufuna owerenga achimvetse ndi nkhani ya zowawasa. Utomoniwu umamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo asidi wa m'zakumwa monga Coca-Cola, yemwe pH yake (muyeso wa kuwawasa, womwe ukakhala wotsika ndiye kuti asidi ndi wochuluka) ili pafupifupi 2.5, amaufewetsa pamwamba mpaka tizidutswa ta galasi tija timayamba kusomphoka n'kusiya timaenje tosaoneka ndi maso. Mowa nawonso umaufewetsa. Malambe ndi bwemba, zomwe ambirife timakonda kumangomung'unya nthawi yaitali, n'zowawasanso kwambiri, ndipo ine ndazichepetsa. Akatswiri amati kukhakhala kukapyola mamaikiromita 0.2 (maikiromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), tizilombo ta m'kamwa timamatirira mosavuta, ndiye kuti vuto silikhalanso la maonekedwe okha, chifukwa dzino lingayambirenso kuola m'mbali mwa zomatirazo. Ndikuchonderera amene amatsuka mano ndi makala kapena phulusa kuti aleke akangomatitsa, pakuti zimenezi zimapala utomoni ndi kuchotsa kusalala konse.

Nditabwerera kuchipatala, dokotala anapukuta malowo ndi timphira tozungulira ta pamakina, ndipo m'mphindi zochepa kusalala kunabwerera, kamzere kaja n'kuzimiririka pafupifupi konse. Lakumbuyo lija silinafunike kanthu, ngakhale kunyezimira kwake kwachepa.

Ndikhoza kusankhanso kompoziti mosakayika, makamaka pa dzino looneka pomwetulira, m'malo molizula monga amachitira ambiri. Koma amene mukukamatitsa, funsani ngati kupukuta komaliza kuchitike tsiku lomwelo, ndipo mukamwa chowawasa muzichukucha m'kamwa ndi madzi n'kudikira mphindi pafupifupi 30 musanagwire mswachi.