Buliji ya gitala ya hauyani: yogula, bawuti, aluminiyamu kapena thabwa?

Anzanga amene mukupanga lap steel, gitala yogoneka pamiyendo ija agogo athu ankaitcha hauyani nkumaiyimba ndi kabotolo, ine ndapangako zitatu kuno kwa Chitakale ku Mulanje ndipo iliyonse ndinayika buliji (pomwe nsambo zimatsamira kumbuyo kwa gitala) yosiyana, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe ndaona musanataye ndalama.

Poyamba ndinathamangira buliji yogula, ya mtundu wa Tune-o-matic yomwe ndinachotsa pa gitala yakufa, poganiza kuti poti ili ndi timasikuluwu tosunthira nsambo iliyonse payokha basi intonation (kulondola kwa mawu paliponse pa nsambo) yatheka. Ayi ndithu. Timasikuluwu timeneti anatipangira gitala wamba, chifukwa ukakanikiza nsambo mpaka pa fureti (kachitsulo kopingasa pakhosi la gitala) imakokeka pang'ono mawu nkukwera, ndiye amaitalikitsa kuti zibwerere m'malo. Pa hauyani nsambo sizifika pansi, mafureti ndi mizere chabe yojambula, chitsulo cha m'manja ndiye fureti yako. Tsono chitsulocho nchowongoka, ukasiya timipando ta nsambo kena kutsogolo kena kumbuyo, chord (nsambo zingapo zolira pamodzi) imamveka bwino kumunsi koma ukakwera kupitirira mzere wa 12 imayamba kukangana yokha. Vuto lina Tune-o-matic ndi yokhota pamwamba, nsambo zapakati zimakwera kuposa zam'mbali, chitsulo chimagwira zapakati zinazo nkumangoti zzzz. Ya mtundu wa Stratocaster yopanda ndodo yogwedezera mawu ija ndiyabwinoko chifukwa kampando kalikonse umatha kukweza kapena kutsitsa mpaka zifanane, koma mapeto ake wagula chinthu chodula nkuchiwongola kuti chikhale ngati bawuti ya pa hardware.

Ndiye yachiwiri ndinangoyika bawuti yeniyeni, yogoneka mopingasa. Yotchipa, yowongoka, mawu amatalika bwino. Koma musatenge mbali ya mazinga ija ngakhale imaoneka ngati ikuthandizani kutalikanitsa nsambo, chifukwa nsambo yopyapyala imalowa mkati mwa mzera pomwe yonenepa imakhala pamwamba, kusafanana kuja kwabweranso. Tengani mbali yosalala. Ndipo kuno kwathu ndi chinyezi chotsika m'phirimu, chiperoni akangogwa sabata imodzi bawuti wamba wachita kale dzimbiri, nsambo yaing'ono imadukira pomwepo. Mukapeza ya stainless kapena kandodo ka brass zili bwino.

Yomwe ndakhazikika nayo ndi kachidutswa ka aluminiyamu kopindika ngati L, kotsala kwa anyamata opanga mawindo. Mbali imodzi mumamanga pathabwa ndi masikuluwu, inayo yoimirira ndiye nsambo zimadutsapo, mumasalaza ndi tupa nkudula timipata tosaya, pafupifupi 10 mm pakati pa nsambo ndi inzake. Ubwino wake ndi wofewa, mpata wa nsambo yonenepa mumauzamitsa pang'ono mpaka misana ya nsambo zonse ifanane mukagoneka rula pamwamba, ndipo ku nati (pomwe nsambo zimatsamira kumutu kwa gitala) mupange chimodzimodzi, kumeneko ndiye nkofunika zedi chifukwa chitsulo chimayenda pafupi. Sachita dzimbiri lofiira lija. Kuipa kwake nsambo zimaudya pang'onopang'ono, pakapita nthawi mudzabwerezanso tupa. Paja ngakhale hauyani yoyambirira ya kampani ya Rickenbacker ya m'ma 1930, ija ankaiti Frying Pan, thupi lake linali la aluminiyamu, ndiye si zachilendo.

Thabwa la mlombwa kapena mbawa loyika fupa pamwamba sindinaliyese pa gitala yamagetsi, ndinangoliona kwa mkulu wina ku Luchenza, mawu ake ofatsa okoma koma amatha msanga, komanso waya wa earth umasowa pomangirira pokhapokha nsambo zikathere pa chitsulo china kumbuyo, apo ayi ampu imangong'ung'udza. (Za mkungudza wa m'phiri musayerekeze, ndi woletsedwa komanso ndi wofewa.)

Kaya mwasankha iti, intonation ili pa tepi yoyezera. Ine ndimagwiritsa ntchito mainchesi 22.5, omwe ndi 57.15 cm kuchokera pomwe nsambo yachokera pa nati kufika pomwe yakhudza buliji, ena amakonda 24.5 kuti mawu atalike koma kupendeketsa chitsulo kumunsi kumavutirapo. Mzere wa 12 ukhale pakati penipeni, 28.6 cm pa mainchesi 22.5 aja. Pa bawuti yezani kuchokera pamsana pake osati m'mphepete, ine ndinaphonya pamenepa ndi mamilimita 4 ndipo ndinamata bolodi la mizere kachiwiri. Nchifukwa chake pano ndimayamba kumanga nsambo, nkukhudza pang'ono ndi chala kufunafuna chapakati pa nsambo pomwe kamawu kakuthwa ka harmonic kakulira bwino, kuika chizindikiro ndi pensulo pa nsambo yoyamba ndi yomaliza, kenako nkumata bolodi kuti mzere wa 12 ukhale pa zizindikirozo. Tuner ya pa foni ikavomereza pa 12, onaninso pa 5 ndi pa 7, ndipo poyimba diso likhale pamwamba pa chitsulo chifukwa ukayang'ana chammbali mzere umakunamiza.