Kabasi kopita ku phiri la Taranaki nkodula koma nkothandiza

Amene muli ku New Zealand ndipo mukufuna kuyenda Pouakai Crossing, njira yoyenda wapansi tsiku limodzi m'mbali mwa phiri la Taranaki, bukitsani kabasi konyamula oyenda njirayi musavutike. Njirayi siyozungulira ayi, umayambira ku North Egmont nkukatulukira ku Mangorei Road, makilomita pafupifupi 19, nde galimoto ukaisiya koyambira ukaitenga bwanji miyendo itatheratu? Ife tinaimika yathu ku Mangorei Road mbandakucha, kabasi nkutitenga kukatitula koyambira.

Chomwe chinandigwira mtima ndi adalaivala. Tisanakwere anatifunsa mmodzimmodzi ngati tili ndi jekete la mvula, madzi ndi tochi, mnyamata wina anabwera atavala jinzi anamuuza mosapsatira kuti jinzi ikanyowa kumtundako uzizidwa koopsa. Sankangotiopseza ayi, phirili ndi lalitali mamita 2,518 ndipo laima lokhalokha pafupi ndi nyanja, nyengo imasintha mwadzidzidzi ngati pa Mulanje chifunga chikatsika, anthu amwalirapo ambiri.

Mnjira anatifotokozera kuti dzina lina la phirili loti Egmont anapereka ndi James Cook, woyenda panyanja wa ku Britain, mu 1770 koma kwa a Maori, eni nthaka a dzikoli, ndi Taranaki kuyambira kale, ndi kholo lawo, nchifukwa chake okwera mpaka pamwamba amapemphedwa kuti asaponde mwala wa pansonga penipeni poti pamenepo ndi pamutu pa gogo. Mu 2025 nyumba ya malamulo inavomereza kuti phirili likhale ndi ufulu ngati munthu. Ine zimenezi zinandikhudza kwambiri, ndinayenda tsiku lonse mwaulemu. Anationetsanso pomwe mafamu a ng'ombe zamkaka amathera mwadzidzidzi nkhalango nkuyamba, malire a paki yoteteza zachilengedwe yozungulira phirili yomwe inakhazikitsidwa mu 1900, pamapu amaoneka ozungulira bwinobwino.

Zodandaula zilipo. Mtengo ndiwokwera ukaona kufupika kwa ulendo wake, mkati mothinana zikwama zili pamiyendo, komanso sadikira munthu, ukachedwa pang'ono wapita. Bola amanena poyera nyengo ikaipa kuti lero musapite.

Njirayo nde eeh, dambo la Ahukawakawa umadutsa pamatabwa, kenako chitunda chotopetsa mpaka ku kadziwe ka Pouakai komwe phiri limaonekera m'madzi mphepo ikakhala bata. Kadziweko nkakang'ono kusiyana ndi pazithunzi, koma mitambo itayera tonse tinakuwa. Masitepe otsikira ku Mangorei ndi ambirimbiri, amene maondo amakuvutani tengani ndodo.