Mankhwala otsukira khonde la vinyl: ndere zachoka, banga la mphira latsala

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5.

Khonde lathu n'lamatabwa, koma pamwamba anayalapo vinyl, ija ya pulasitiki ya PVC imene amailumikiza poitenthetsa kuti madzi asadutse. Mbali imene imakhala pamthunzi wa mtengo inabiriwira ndi ndere, moti kukagwa mvula tinkachita kuyenda monyang'ama kuopa kuterereka. Sopo wotsukira mbale ankangochotsa fumbi lapamwamba.

Ndinasungunula mankhwalawa m'madzi ofunda monga alembera pabotolo, n'kuyesa kaye pakona kuti ndione ngati angasinthe mtundu wa khonde. Sanasinthe. Chinsinsi chake ndi burashi yofewa. Vinyl ya pakhonde imakhala yokhakhala dala kuti munthu asaterereke, ndiye litsiro limabisala m'timaenje timeneto, momwe mopu siifika. Nditakwecha mozungulira, madzi anatuluka akuda bii, ndere zonse n'kuchoka.

Tsiku loyamba ndinadzilakwira ndekha. Ndinatsuka masana dzuwa likuswa mtengo, mankhwala anauma ndisanatsukuluze, n'kusiya mizere yotuwa paliponse. Ndinabwereza m'mamawa, kachigawo kamodzi kamodzi, ndikutsukuluza ndi payipi nthawi yomweyo, ndipo mizereyo inatha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha banga lachikasu la pakhomo, pomwe panakhala chopondera chokhala ndi mphira kunsi. Ndakwecha katatu, silikusuntha. Vuto n'lakuti mphira ikakhalitsa pa vinyl, mtundu umalowerera mkati mwenimweni, si litsiro loti lingatsukike. Sindikuimba mlandu mankhwalawa kuti alephera, koma pabotolo analemba ngati achotsa banga lililonse, osachenjezako za mphira. Ndinatsala pang'ono kuthirapo acetone, mankhwala aja ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Chonde musatero, acetone ndi thina wosungunulira penti zimafewetsa PVC n'kuiwononga kotheratu.

Dzimbiri lomwe miyendo ya mipando yachitsulo inasiya pakhonde langozilala, silinathe. Panopa miyendoyo ndaiveka tizivindikiro tapulasitiki, ndipo mipando timachita kunyamula, osakoka. Masamba ndimasesa asanawolerepo, chifukwa nawonso amasiya mtundu.

Fungo lake si lamphamvu, koma valani magolovesi, manja anga anauma kwambiri. Ndidzagulanso, ndizitsuka katatu kapena kanayi pachaka. Banga lachikasu lija ndangoliphimba ndi chopondera china, chopanda mphira kunsi.