Anakana kuwadina mayi msana, ndipo anachita bwino

Nyenyezi 4 kwa achiropractor amenewa, aja othandiza ululu wa msana podina ndi kuwongola mafupa ndi manja. Mayi anga msana unkawavuta mpaka ayamba kuwerama, ife timati akangowadina kuti khwa khwa basi zatheka, koma bambowo anayamba ndi mafunso, zaka zingati, anasiya liti kusamba, anathyokapo fupa, kenako akuti kajambulitseni kaye DEXA, kujambula koyeza kulimba kwa mafupa. T-score, nambala yosonyeza kulimba kwa mafupawo, inatuluka -2.8, ndipo akuti kuyambira -2.5 kutsika mmunsi ndiye osteoporosis imeneyo, mafupa afumbwa mkati. Kudina mwamphamvu anakaniratu, akuti nthiti kapena fupa la msana litha kuthyoka, anangowasisita mofatsa nkuwatumiza kwa dokotala akaone za mankhwala, calcium ndi vitamini D.

Chondinyasa ndi kudikira, apointimenti ya 9 koloko tinakalowa cha mma 11, munthu wa msana wowawa ali pabenchi yolimba, aaa ayi.