Nyumba yoonetsera mpira ya ku Ulongué imene ikutizoloweza mpira wa makoleji a ku America

Kuseri kwa msika wa ku Ulongué, ku Mozambique, kuli nyumba ina yoonetsera mpira, yofolera ndi malata, imene Loweruka ndi Lamlungu imadzaza ndi okonda Premier League monga nyumba zina zonse za mtundu umenewu. Chimene chandichititsa kuilemba ndi zimene zimachitika Lachitatu madzulo, pamene eni ake amaonetsa mpira wa ku America, uja wosongoka mbali zonse ziwiri umene osewera ake amavala zisoti zolimba. Samatsata matimu otchuka a NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu, ayi, koma amasankha masewero akale a makoleji ang'onoang'ono a m'gulu lachiwiri la mpira wa makoleji lotchedwa FCS, ndipo masabata apitawa akhala akutionetsa nyengo ya kumayambiriro kwa 2021, imene inali yosiyana ndi nyengo zina zonse.

Mpira wa makoleji umaseweredwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka chaka chitatha, koma mu 2020 mliri wa COVID-19 unachititsa kuti matimu ambiri a FCS asamutsire masewero awo ku miyezi ya Febuluwale mpaka Meyi 2021, ndipo matimu olowa m'ndime yochotsana anachepetsedwa kuchoka pa 24 kufika pa 16. Bambo a nyumbayi amazidziwa bwino zimenezi, ndipo ubwino wawo waukulu ndi wakuti satisiya tokha ndi chithunzi. Amaimitsa kanema, n'kuima pambali pa TV ndi kamtengo m'manja, n'kufotokoza m'Chinyanja chomveka kuti timu ili ndi mipata inayi yoti isunthe mayadi khumi. Ndinaona anyamata a njinga zamoto, amene poyamba ankangoseka zisoti, akukangana mwaukali ngati kunali koyenera kumenya mpira kapena kuyesanso mpata wachinayi.

Usiku umene anationetsa masewero omaliza a pa 16 Meyi 2021 ku Frisco, m'chigawo cha Texas, nyumba inagwedezeka ngati kuti UD Songo yagoletsa, pamene Sam Houston inagonjetsa South Dakota State 23 kwa 21 kutatsala masekondi 16 okha. Atatha masewerowo bambowa anatifunsa ngati kukanakhala kwabwino kuti makoleji ang'onoang'ono azisewera m'miyezi imeneyi chaka chilichonse. Iwo amaona kuti n'koyenera, chifukwa Super Bowl, masewero omaliza a NFL, ikatha mu Febuluwale bwalo limakhala lopanda mwini, pamene m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala matimu amenewa amaphimbika ndi makoleji akuluakulu.

Ine ndikuwalemekeza, koma pamenepa sindigwirizana nawo, ndipo umboni uli m'masewero omwewo amene anationetsa. Mark Gronowski, woponya mpira wa South Dakota State, anavulala bondo kumayambiriro kwa masewero omalizawo ndipo sanasewere nyengo yotsatira, imene inayamba patangopita miyezi itatu ndi theka. Timu yakeyo inasewera masewero 25 m'chaka chimodzi, zomwe zili ngati kulima munda kawiri osaupatsa mpata wopuma, ndipo amenewa ndi ana asukulu, si anthu olembedwa ntchito. Ena anganene kuti vuto limeneli ndi la chaka chosamukira chokha, koma pali lina losatha: NFL imasankha osewera atsopano kumapeto kwa Epulo, nyengo ili mkati. Trey Lance wa North Dakota State anasewera kamodzi kokha mu Okutobala 2020, n'kusiya kuti akonzekere, ndipo timu ya NFL ya San Francisco 49ers inamutenga pa nambala 3 pa chisankhocho. Timu yake ya kukolejiyo, imene inali itapambana masewero 39 motsatizana, inagwa kwa Southern Illinois mu Febuluwale iye palibe. Nyengo imene imataya osewera ake abwino isanafike pachimake singakope oonera kwa nthawi yaitali.

Zofooka za nyumbayi ziliponso. Mabenchi alibe potsamira, chonsecho masewero amodzi amatha maola atatu, ndipo mazenera ndi ochepa moti kukatentha mpweya umasowa. Mawu a owulutsa amakwezedwa kwambiri mpaka kumiza zimene bambowa akufotokoza, zomwe ndi zachisoni chifukwa kufotokozako ndiko kumene ambiri timadzera. Magetsi akathima jenereta ilipo, ngakhale imachedwa kudzuka.

Pakhomo amalipiritsa mametikali 20, ndipo panja pali amayi amene amagulitsa chipisi cha mbatata za kuno ku Angónia ndi Frozy wozizira. Amene sanaonerepo mpira umenewu afike msanga kuti akhale pa benchi lakutsogolo, pafupi ndi pamene bambowa amaima. Ndawapempha kuti sabata zikubwerazi atipezere masewero a Jackson State a nyengo yomweyo, imene inali yoyamba ya Deion Sanders, katswiri wakale wa NFL, monga mphunzitsi wa timuyo, ndipo avomera kuwafufuza.